Chinangwa cha Kugombe: Zimene Akatswiri Apeza mu Kamtengo Kobzala

Mlimi wa chimanga akafuna mbewu amakagula kusitolo, kapena amapatula ngala zonenepa n'kuzipachika kudenga la khitchini kuti utsi uzithamangitsa anankafumbwe. Wa chinangwa satero. Mbewu yake ndi mtengo womwewo umene wangouzula. Amaudula m'zidutswa za masentimita 25 kapena 30, chilichonse chokhala ndi mfundo zisanu kapena kuposerapo, n'kuzizika chopendeka pamzere mvula ikagwa. Zikamuperewera amakapempha kwa mnansi, kapena amatumiza mawu kwa mlamu wake ku Nkhotakota, ndipo mtolo umafika womangirira pakaliyala ya njinga kapena padenga la minibasi yoyenda mumsewu wa M5.

Kachitidwe aka kamaoneka kachabechabe, koma sayansi yonse ya chinangwa yatsamira pamenepa. Chomera chotuluka m'kamtengo si mwana wa chomera chakale ayi. Ndi chomwecho, chikupitiriza moyo wake pamalo ena. Munda wa chinangwa cha mtundu wa Mbundumali wa kwa Khombedza ndi wina wa ku Mitundu, tikaunika mkati mwake, ndi chomera chimodzi chimene anthu akhala akudula ndi kubzala kwa zaka zambirimbiri. Ubwino wake ndi wakuti kukoma ndi kabereke sizisintha. Kuipa kwake ndi kwakuti matenda amene analowa m'thupi la chomeracho nawonso sachoka. Amakwera njinga limodzi ndi mtolo uja, ndipo wopereka ndi wolandira onse amasiyana akuthokozana, osadziwa chimene apatsirana.

Boma la Salima lili pamalire a madyedwe awiri. Kumpoto kwake, kuyambira ku Nkhotakota mpaka ku Nkhata Bay, Likoma ndi magombe a Karonga, chinangwa ndiye nsima. Kumeneko munthu akati wadya, wadya kondowole wa usipa, utaka kapena chigwada, ndipo chimene amalima kwambiri ndi chowawa. Kumadzulo, ukakwera zitunda mumsewu wa M14, kuli Lilongwe, kumene anthu amafuna chozizira: chotafuna chachiwisi pasiteji, chophika chomwera tiyi m'mawa buledi akakwera mtengo. Salima mwiniwake ndi dziko la chimanga, thonje ndi mpunga wa ku Lifuwu. Chinangwa chimapatsidwa malo amene chimanga chawakana, mumchenga wa kugombe ndi m'nthaka yoguga, ndipo ambiri amachikumbukira chaka chimene mvula yadula msanga.

Komabe m'boma lomweli muli malo amodzi amene akatswiri a chinangwa amawadalira kwambiri, ndiwo malo a kafukufuku wa zaulimi a Chitala. Chitala ali pafupifupi mamita 600 pamwamba pa mulingo wa nyanja yamchere, pamene Chitedze, kufupi ndi Lilongwe, ali pa mamita oposa 1,100. Kusiyana kumeneku si kwa manambala okha. Kuchigwa kuno kumatentha, tizilombo tofalitsa matenda timaswana mosavuta, ndipo mtundu wa chinangwa umene unkaoneka wokongola kumtunda umadzaululika ukafika kuno. N'chifukwa chake mitundu yatsopano imayesedwa ku Chitala, komanso ku Mkondezi ku Nkhata Bay ndi ku Baka ku Karonga, isanaperekedwe kwa alimi.

Chinangwa ndi mlendo muno mu Africa, ngakhale agogo athu angatsutse. Mu 1999 Kenneth Olsen ndi Barbara Schaal anafananiza DNA ya chinangwa cholimidwa ndi ya zitsamba zakutchire, napeza kuti kwawo kwenikweni ndi kumalire a kummwera kwa nkhalango ya Amazon, ku Brazil. Apwitikizi anachibweretsa kugombe la kumadzulo kwa Africa m'zaka za m'ma 1500, ndipo kugombe la kummawa chinafika mochedwerapo, m'zaka za m'ma 1700, n'kumalowa kumtunda ndi amalonda. Lero dziko lolima chinangwa chambiri padziko lonse si Brazil koma Nigeria.

Chimene chinachititsa kuti mlendoyu akhazikike n'chodziwika kwa mlimi aliyense: sichifa wamba. Chifukwa chake chinafotokozedwa bwino m'zaka za m'ma 1980 ndi Mabrouk El-Sharkawy ndi James Cock, a bungwe la CIAT ku Colombia. Masamba a chomera chilichonse ali ndi timabowo tosaoneka ndi maso, topumira ndi kutulutsira madzi. Awiriwa anaona kuti chinangwa chimatseka timabowo timeneti mpweya ukangouma, nthaka isanaume n'komwe, motero chimamwa madzi ake mosamala. Ng'amba ikakula chimagwetsa masamba n'kungokhala chiimire, mizu yake ing'onoing'ono ikufunafuna chinyezi pansi kwambiri, ndipo mvula ikabwera chimaphukanso. Chimanga chikasowa madzi pa nthawi ya ngayaye, chaka chatha. Chinangwa chilibe sabata imodzi yotero imene zonse zimaonongekera. Komanso chikakhwima sichikakamiza mwini wake kukolola: munda womwewo ndiye nkhokwe, munthu amangokumbako za tsikulo.

Khate, ndi matenda obisala pansi

Aliyense amene anayendapo m'minda ya kugombe analiona khate la chinangwa: masamba a mawangamawanga achikasu, opotoka, okwinyika, chomera chopinimbira. Lafala kwambiri moti alimi ena amaganiza kuti ndi mmene mtundu wawo umaonekera. Matendawa analembedwa koyamba mu 1894 ndi Otto Warburg, m'dziko limene lero ndi Tanzania. M'zaka za m'ma 1930, pamalo a kafukufuku a Amani m'mapiri a Usambara, H. H. Storey ndi R. F. W. Nichols anatsimikiza kuti ndi vairasi, ndipo amafala m'njira ziwiri: ndi tintchentche toyera timene timauluka ukagwedeza nsonga ya chinangwa, ndiponso ndi mitengo yobzala.

Vairasi alibe mankhwala opopera. Njira inali imodzi, kupeza chinangwa chosagwidwa. Atayesa mitundu yambiri osakhutira nayo, a ku Amani anachita chinthu chimene panthawiyo chinkaoneka chotaya nthawi. Anakwatitsa chinangwa ndi msuweni wake wakutchire, Manihot glaziovii, mtengo umene atsamunda anaubweretsa pofuna mphira. Mtengowu subereka chakudya pansi, koma khate siliuvutitsa kwenikweni. Ana oyamba anali opanda pake, mizu yokhayokha. Anawakwatitsanso ndi chinangwa chenicheni, kenaka adzukulu chimodzimodzi, mpaka mizu yonenepa inabwerera koma mphamvu yolimbana ndi khate n'kutsalamo. Ntchito ya ku Amani inatsekedwa mu 1957, koma njere zake zinali zitafika kale ku Nigeria. Kumeneko Sang Ki Hahn, katswiri wa ku South Korea amene anayamba ntchito ku bungwe la IITA mumzinda wa Ibadan mu 1971, anazigwiritsa ntchito popanga mitundu yodziwika ndi zilembo za TMS. Maunjili ndi Silira, mitundu imene inatulutsidwa kuno kwathu, ndi ya banja limenelo. Mu 2016 akatswiri owerenga DNA yonse ya chinangwa anapeza zidutswa za mtengo wa mphira uja zikadali m'mitundu yambiri yolimidwa mu Africa. Ukwati umene unamangidwa m'mapiri a Tanzania nkhondo yachiwiri ya padziko lonse isanayambe ukudyetsabe anthu mpaka pano.

Khate lili ndi ubwino umodzi: limaoneka. Pali matenda ena amene ine ndimawaona kuti ndi oopsa kwambiri kwa anthu a kugombe, chifukwa amabisala. Storey yemweyo anawafotokoza mu 1936, ndipo pofika 1950 Nichols anali atalemba kuti amapezekanso kuno, m'madera otsika a m'mbali mwa nyanja. Dzina lawo m'mabuku limachokera ku timizere tofiirira timene timaoneka patsinde lanthete. Pamasamba chizindikiro chake ndi chikasu chotsata mitsempha, makamaka pa masamba akale a m'munsi, amene amayoyoka n'kusiya chomera chikuoneka chathanzi. Mlimi amalimira, amadikira chaka chathunthu, amazula. Kunja chinangwa chili bwinobwino, mwina chongofinyika apa ndi apo. Akachidula, mkati muli zigamba zouma, zofiirira, zolimba, zosadyeka ngakhale kusinjika.

Pa tsiku lokolola munda woyesera, ntchito imayenda motere. Chomera chilichonse chimazulidwa pachokha, chinangwa chake n'kuikidwa pamulu pafupi ndi chikwangwani cha nambala yake. Akachiyeza pasikelo, munthu amakhala pansi ndi mpeni n'kumadula chinangwa chimodzichimodzi m'magawo, kuyambira kumutu mpaka kumchira, wina ali pambali ndi pepala. Choyera mbee chimalembedwa 1. Chokhala ndi timadontho chimalembedwa 2. Chimene chaola pafupifupi chonse chimalembedwa 5. Ntchitoyi imachitika padzuwa la ku Salima, manja ali nyatanyata ndi utomoni, ndipo palibe makina amene alowa m'malo mwa mpeni umenewo. Mtundu ukhoza kubereka matani ochuluka, koma ukapeza ma 4 ndi ma 5, ulendo wake wathera pomwepo.

Choipitsitsa cha matendawa n'chakuti kuola kumakula chinangwa chikakhalitsa m'nthaka. Mlimi amakakamizika kuzula msanga, chisanakhwime bwino, ndipo mwayi uja wosunga chakudya m'munda mpaka miyezi ya njala umatayika. Kwa zaka zambiri anthu ankati awa ndi matenda a kumalo otsika okha, koma mu 2004 anabuka ku Uganda, kumtunda, n'kufalikira m'maiko ozungulira nyanja ya Victoria. Kenaka zinadziwika kuti mavairasi ake ndi awiri, osati mmodzi, ndipo kafukufuku wa Willard Mbewe ndi anzake, wofalitsidwa mu 2015, anasonyeza kuti onse awiri alipo m'Malawi muno. Kenya inatenga njira ina: mu 2021 inalola kuti chinangwa chosinthidwa DNA kuti chizikana matendawa chipite kukayesedwa m'minda ya boma. Kuno kwathu chida chachikulu chikadali kusankha mitundu yopirira ndi kubzala mitengo yopanda matenda.

Kodikodi

Akuluakulu a ku Nkhata Bay ndi ku Nkhotakota sanaiwale kodikodi. Ndi kachilombo kofewa, kokutidwa ndi zoyera, kamene kamaunjikana kunsonga ya chinangwa, kumayamwa madzi ndi kulavuliramo ululu mpaka masamba onse atakwinyika n'kukhala chibumi. Tonse n'tatikazi, timaswana popanda tatimuna, motero kamodzi kokha kokwera pamtengo wobzala n'kokwanira kuyambitsa mliri. Kanaoneka koyamba mu Africa mu 1973, kufupi ndi Kinshasa ndi Brazzaville, ndipo akatswiri sankakadziwa n'komwe. Dzina lake lasayansi, Phenacoccus manihoti, linaperekedwa mu 1977. Pakati pa zaka za m'ma 1980 kanafika kugombe la kumpoto kwa nyanja yathu. M'madera ena a Africa kankaononga mpaka magawo 80 pa 100 a zokolola. Ku Nkhata Bay, kwa anthu amene nsima yawo ndi kondowole, inali njala yeniyeni, ndipo anafunika thandizo la chakudya.

Kupopera mankhwala m'minda ing'onoing'ono ya maiko ambirimbiri kunali kosatheka, komanso kukanapha anthu othyola chigwada. Hans Herren, katswiri wa tizilombo wa ku Switzerland amene anafika ku IITA mu 1979, anaganiza motere: ngati kachilomboka sikavutitsa kwawo ku South America, ndiye kuti kumeneko kuli mdani wake. Koma kwawo kwenikweni kunali kuti? Anafufuza m'maiko angapo osakapeza, mpaka mu 1981 Anthony Bellotti wa ku CIAT anakaona ku Paraguay, kali kochepa kwambiri moti alimi sankakalabadira. Pomwepo panapezeka kachilombo ka mtundu wa mavu, kosapitirira mamilimita awiri, kotchedwa Anagyrus lopezi. Kamaboola kodikodi n'kuikira dzira mkati mwake, ndipo mphutsi ikaswa imamudya kuchokera mkati. Atatsimikiza ku England kuti sikadzaononga zinthu zina, anakaweta kambirimbiri n'kumakamwaza, kwina pogwiritsa ntchito ndege. M'Malawi kanayamba kumwazidwa mu 1985. Sikanagonjetse kodikodi tsiku limodzi, panadutsa zaka zingapo zowawa, koma mliri unazilala.

Herren analandira mphotho ya World Food Prize mu 1995. Chimene chimandikhudza ine pa nkhaniyi n'chakuti mlimi sanalipire kalikonse ndipo sanafunike kuphunzira kalikonse. Timavu timeneti tikugwirabe ntchito m'minda ya ku Senga Bay ndi ku Chipoka, ndipo eni minda ambiri sanationepo. Kodikodi amaonekabe m'chilimwe, makamaka pa chinangwa cha mumchenga wopanda chonde, koma sakhalanso chilombo chotha mudzi.

Lilime la mlimi

Kupanga mtundu watsopano wa chinangwa kumafuna kudekha kwa woona maso a nkhono. Chinangwa chimachita maluwa pamene tsinde lapanga mphanda, aamuna ndi aakazi payekhapayekha pachomera chimodzi, ndipo aakazi amayamba kutseguka sabata imodzi kapena ziwiri aamuna asanatseguke. Mitundu ina, makamaka yoongoka imene alimi amaikonda, sichita maluwa kawirikawiri. Katswiri amatenga mungu ndi dzanja, n'kuupaka paduwa limene wasankha, n'kulimanga m'kathumba. Kachipatso kake kamakhala ndi njere zosaposa zitatu, ndipo kakauma kamaphulika n'kuzimwaza, choncho kathumbako sikachotsedwa. Njere iliyonse ndi mtundu wakewake. Chaka choyamba amafesa masauzande, n'kutaya pafupifupi zonse. Zotsalazo amazibzala ndi mitengo, mzere umodzi, chaka chotsatira mizere ingapo, kenaka m'malo osiyanasiyana monga Chitala, Mkondezi ndi Makoka, kenaka m'minda ya alimi. Pofuna kudziwa kuchuluka kwa ufa, amayeza chinangwa pasikelo, n'kuchiyezanso chili chomizidwa m'madzi. Kusiyana kwake kumaulula ngati ndi chaufa kapena chamadzimadzi. Chaka chimodzi chimapereka yankho limodzi lokha, motero zaka 8 kapena 10 zimatha mtundu usanavomerezedwe.

Mwa njira imeneyi Malawi watulutsa mitundu monga Mkondezi, Maunjili, Silira, Sauti, Yizaso, Sagonja, Mpale, Kalawe ndi Chamandanda. Nambala za mitunduyi zimanena mbiri yake: Sauti poyamba ankadziwika kuti CH92/077, ndipo dzina lakelo likukumbutsa R. F. N. Sauti, mmodzi mwa Amalawi amene anayala maziko a kafukufuku wa mbewu za mizu. Ibrahim Benesi, amene anamaliza maphunziro ake a udokotala ku University of the Free State mu 2005, anaunika kusiyana kwa mitundu ya chinangwa cha m'Malawi ndi sitachi wake.

Koma pitani pamsika wa Kamuzu Road kapena pa Kaphatenga mufunse chinangwa chotafuna. Dzina limene mudzamve ndi Mbundumali, amene ena amati Manyokola, mtundu wa makolo umene khate limaugwira ndithu. Yambiri mwa mitundu yoyambirira ya akatswiri inali yowawa, yoyenera kondowole ndi sitachi, pamene msika wa chigawo chapakati umafuna chozizira, chosendeka mosavuta, chofewa msanga pamoto. Wogula safunsa matani pa hekitala. Amathyola kachidutswa, amalawa, ndipo mlandu watha. Mitundu yozizira monga Mpale ndi Kalawe inabwera pambuyo poyankha zimenezi.

Tsono wina angafunse: ngati chozizira chilipo, anthu a kumpoto amalimiranji chowawa, chimene chikhoza kupha? Kwa nthawi yaitali alangizi ena ankaona ngati ndi umbuli. Linley Chiwona-Karltun, Mmalawi amene ankachita kafukufuku ku Karolinska Institutet ku Sweden, anapita ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1990 n'kukafunsa amayi eni ake, pamodzi ndi Jonathan Mkumbira, John Saka, Hans Rosling ndi ena. Mayankho anali omveka. Chowawa wakuba sachifuna, chifukwa sangachidye pomwepo ndipo sangachiviike mobisa. Anyani ndi nguluwe amachilambalala. Ana ndi abambo a pakhomo sachizula mwachisawawa. Mayi ndiye amadziwa tsiku lozula ndi kuchuluka kwake, ndipo kwa mayi wopanda mwamuna womulondera munda, kuwawa ndiko mlonda. Anaonjezanso kuti ufa wake ndi woyera ndipo kondowole wake amanyung'unyika bwino m'manja. Akatswiriwo atayeza chinangwacho ku labotale anapeza kuti lilime la amayiwa silinama: chimene ankati n'chowawa kwambiri ndichonso chinali ndi poizoni wambiri. Atayeza DNA anapezanso kuti magulu awiri amene alimi amawasiyanitsa, chowawa ndi chozizira, ndi osiyanadi. Kwa ine iyi ndi imodzi mwa ntchito zabwino kwambiri zimene zachitikapo pa chinangwa, chifukwa inayamba ndi kufunsa, osati kulangiza.

Poizoniyo amagwira ntchito motere. M'chinangwa chilichonse, ngakhale chozizira, muli mankhwala otchedwa linamarin, ndipo m'malo ena a timaselo take muli chinthu china chowaswa. Chinangwa chikakhala chathunthu ziwirizi sizikumana. Chikatafunidwa, kupalidwa kapena kufewa m'madzi, zimakumana n'kutulutsa cyanide, amene amauluka ngati mpweya. Apa ndiye pagona nzeru ya kuviika. Mayi akasenda chinangwa n'kuchimiza mumtsuko, m'mgolo kapena padziwe kwa masiku angapo mpaka chitafewa, n'kuchitsuka, kuchifinya ndi kuchiyanika pathandala, amakhala akulola poizoni kutuluka yense asanafike m'mbale. Kusinja chigwada mumtondo ndi kuchiwiritsa mokwanira kumachita chimodzimodzi. Muyezo wa mabungwe a FAO ndi WHO ndi wakuti ufa usapitirire mamiligalamu 10 a cyanide pa kilogalamu, ndipo kafukufuku wa ku Nkhata Bay uja anapeza kuti anthu odya kondowole wa chowawa tsiku ndi tsiku amalandira poizoni wochepa, chifukwa amayi amaviika mokwanira.

Ngozi imabwera ndi njala. Chilala chimachulukitsa poizoni m'chinangwa, madzi oviikira amasowa, ndipo mwana akulira palibe amene amadikira masiku anayi. Mu 1981, m'chigawo cha Nampula ku Mozambique, anthu oposa 1,000, makamaka ana ndi amayi, anapuwala miyendo mwadzidzidzi m'chaka cha chilala. Rosling, amene panthawiyo anali dokotala ku Nacala, pamodzi ndi Julie Cliff ndi anzawo, analondola matendawa mpaka pa chinangwa chowawa chosakonzedwa bwino, chodyedwa popanda ndiwo zomanga thupi. Matendawa amatchedwa konzo, dzina lochokera ku Congo kumene anafotokozedwa koyamba mu 1938, ndipo wopuwala nawo sachira. Thupi limafuna zakudya zomanga thupi kuti lisungunule cyanide, choncho usipa wa kugombe si wongokometsera nsima. Howard Bradbury wa ku Australia anapeza njira yothandiza pamene ufa ukukayikitsa: kuusakaniza ndi madzi, kuuyala mopyapyala, n'kuusiya maola 5 pamthunzi kapena maola 2 padzuwa usanaphikidwe.

Tibwerere kumunda. Ngakhale mtundu utakhala wabwino motani, kuufikitsa kwa anthu ndi ntchito ina yaikulu. Njere imodzi ya chimanga imabala mazana. Chomera chimodzi cha chinangwa chimapereka timitengo pafupifupi 10 pa chaka, pamene hekitala imodzi, pobzala motalikana masentimita 90, imafuna toposa 12,000. Mitengoyo ndi yolemera, imadya malo m'galimoto, ndipo ikadulidwa imauma m'masabata ochepa. Ku Salima kuli vuto linanso: chimanga chikakololedwa mbuzi ndi ng'ombe zimamasulidwa, ndipo m'mwezi wa Okutobala chobiriwira chokha m'mudzi ndi munda wa chinangwa. Zikadya masamba zimakungudza makungwa. Chiswe ndi moto wolusa zimamaliza zotsala. Mvula ikamagwa mu Disembala mlimi alibe chobzala, ndiye amalandira mtolo uliwonse umene waupeza.

Chilala cha 1992 chitapha chimanga m'dziko lonse, boma pamodzi ndi IITA, kudzera m'bungwe la SARRNET limene linali ku Chitedze, ndi thandizo la USAID ndi mabungwe ena, linakhazikitsa minda yochulukitsira mbewu ya chinangwa ndi mbatata, kuyambira pamalo a kafukufuku mpaka m'midzi. Ulimi wa chinangwa unakula kwambiri m'zaka zotsatira. Koma njala ya 2002, imene Salima anali mmodzi mwa maboma oyamba kumene bungwe la Save the Children linachenjeza kuti ana akunyentchera, inaonetsa kuti mabanja ambiri analibebe chowatchinjiriza chimanga chikalephera. Kuyambira 2012 maiko asanu, Malawi, Mozambique, Tanzania, Kenya ndi Uganda, anasinthana mitundu yawo yabwino, isanu kuchokera ku dziko lililonse. Sanatumizirane mitolo. Anayamba ayeretsa mitunduyo ku labotale, pomeretsa kansonga kakang'ono kwambiri ka chomera m'botolo, chifukwa vairasi kawirikawiri sakhala atafika kunsongako, n'kuyeza kuti atsimikize, kenaka n'kutumiza timabotolo. Masiku ano kulinso pulogalamu ya pafoni yotchedwa Nuru, imene imazindikira matenda a chinangwa munthu akaloza kamera patsamba.

Zonsezi n'zabwino, koma zambiri zayenda ndi ndalama za mabungwe akunja, ndipo ntchito ikatha minda yochulukitsira mbewu imasanduka tchire. Kuyambira 2005 dziko lathu lakhala likuthira ndalama zochuluka pa feteleza ndi mbewu ya chimanga zotsika mtengo. Sindikutsutsa chimanga. Koma kwa mlimi wa mumchenga wa kwa Maganga kapena kwa Pemba, munda wa mbewu yoyera ya chinangwa, wotchingidwa ndi mpanda, umene angafikeko wapansi mu Disembala, ungamuthandize m'zaka zimene thumba la feteleza silingathandize.

Latsala vuto limodzi limene wogulitsa aliyense amalidziwa. Chinangwa chikazulidwa, pakangotha masiku awiri kapena atatu mkati mwake mumayamba mizere yakuda mobiriwira, kukoma kumatha, ndipo wogula amachikana. Si kuola kwa tizilombo ayi. Ndi chinangwa chenicho chikuyesa kupoletsa bala la pamene chathyoledwa, koma ntchitoyo imafalikira thupi lonse m'malo mothera pabalapo. N'chifukwa chake amalonda amazula madzulo n'kuyenda usiku kuti m'mawa akhale ali pamsika ku Lilongwe, ndipo mlimi wokhala kutali ndi msewu amagulitsa pa mtengo umene wogula wanena. Alimi amachikwirira m'dothi lonyowa, kapena amachisenda n'kuyanika makaka. Akatswiri anapeza kuti kudula mitengo masabata awiri kapena atatu usanazule kumachedwetsa kudako, koma kumachepetsa sitachi. Ntchito ya C:AVA, imene inayamba mu 2008, inalimbikitsa kupala, kufinya ndi kuyanika chinangwa tsiku lomwelo, kuti patuluke ufa woyera wosanunkha wosakaniza ndi wa tirigu popanga mandasi ndi masikono.

Ku CIAT anaonanso kuti chinangwa chachikasu mkati, chokhala ndi zinthu zimene thupi limapangira vitamini A, chimachedwerapo kuda. Nigeria inatulutsa mitundu yachikasu mu 2011, ndipo kuno tili ndi Chamandanda. Chovuta n'chakuti m'mitundu yambiri ya mu Africa chikasu chikachuluka ufa umachepa, chinangwa chimakhala chamadzimadzi, pamene wogula wa ku Lilongwe amafuna chaufa. Akatswiri okwatitsa mitundu akuyesabe kulekanitsa ziwirizi, ndipo mtundu uliwonse umene angaupeze udzayenera kudikira nyengo zake m'minda yoyesera ya kuchigwa.